Mayi Amene Anandilandira Mwana ku Vilankulo

Zimene ndikuuzeni panozi si nthano ayi, ndipo sindinachite kuzimva kwa munthu, zinandichitikira ine ndemwe mwana wanga woyamba asanamere ndi dzino limodzi lomwe. Amene amandidziwa kwathu kuno ku Ntengo-Wambalame angakuuzeni kuti ine si munthu wolankhulalankhula, ngakhale kutchalitchi akati amayi apemphere mmodzimmodzi ine ndimangoyang'ana pansi mpaka andidumphe, ndiye bodza ndingalipekerenji, kuti ndipindule chiyani? Ku shikola ndinalekezera tereseira kalasi, kalasi yachitatu, kulemba kwanga ndi komweku mukukuonaku, koma nkhaniyi yandilemera pamtima zaka zonsezi, ndipo masiku ano ndikuona atsikana ambiri akukwera chapa, minibasi zathu zija, okhaokha kutsatira amuna awo kutali, ana ali kumbuyo. Maina sinditchula, ena sindikuwadziwa n'komwe.

Amuna anga anachoka pakhomo mimba itangoyamba kuoneka. Mnzawo wina anawapezera ntchito ku Vilankulo, kunyanja yamchere uko, yothirira maluwa ndi kusesa mchenga pamalo ena pamene azungu amagona akabwera kudzaona nyanja. Mwana anabadwa iwo kulibe, wamkazi, ndipo ankangomudziwa ndi kulira kwake pa telefoni. Titamaliza kukumba kachewere chaka chimenecho anati basi ndipite, akamuone mwana wawo ndi maso. Wondiperekeza panalibe, amayi anga miyendo inali itatupa, alongo anga ali kalikiliki kudimba. Apongozi anga anandidzazira thumba la kachewere ndi nyemba pang'ono, ati mwana wawo asaiwale chakwawo, ine n'kumangirira kamtolo ka zovala pamwamba pa thumbalo kuti katundu akhale mmodzi. Amuna anga anandiuza mobwerezabwereza kuti ndikakatsika pamene chapa imathera, pafupi ndi msika, ndikakhale pomwepo osasuntha, iwo adzabwera patarau, bwana wawo wa kuntchito, akawamasula.

Ine kutali kwanga kunali ku Tsangano pa boma. Za ulendo sindinena zambiri, koma chimene sindiiwala n'chakuti Chichewa chinkatsika m'galimoto pang'onopang'ono. Pochoka kwathu tonse tinali amodzi, tikuseka, mwana wanga akuyenda m'manja mwa amayi kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo monga mudziwa mmene timachitira. Titafika ku Tete n'kukwera machimbombo, mabasi aakulu aja, olankhula chathu anatsala owerengeka, ndipo titapitirira Chimoio panalibenso ndi mmodzi yemwe. Ndinakhala pawindo, thumba lili kumiyendo, ndikungoona mitengo yachilendo ikudutsa.

Ndinafika dzuwa litakwera kale. Kutentha kwake, abale, ine wa kumapiri nditavala juzi! Pansi mchenga wokhawokha, mphepo ikununkha mchere ndi nsomba, azungu akuyenda mumsewu atavala ngati akupita kubafa, amuna ndi akazi omwe, popanda wowadabwa. Ndinakokera thumba langa pamthunzi wa khoma lina n'kukhalira, ndipo nditati nditulutse telefoni ndiwauze bambo a mwana kuti ndafika, ndinapeza yathima, moto unathera m'njira. Ndinati palibe kanthu, anati ndidikire, ndidikira.

Kodi munakhalapo pakati pa anthu ambirimbiri koma muli nokhanokha? Kwathu kuno mayi wa mwana atakhala pathumba m'mbali mwa msewu, sipangadutse anthu atatu wina asanamufunse kuti kwagwanji, akupita kwa yani, mwana wayamwa kodi. Kumeneko anthu ankandilambalala ngati chitsa. Ndinayesa kupereka moni wa Chipwitikizi wa bondiya kwa amayi awiri atatu, wina anangogwedeza mutu, wina sanandione n'komwe. Sindikuti ndi anthu oipa, anali pa zawo, ndipo chilankhulo chawo ine sindinkatolapo ngakhale liwu limodzi. Mthunzi unasuntha, ine n'kusuntha nawo. Unasunthanso, ine n'kukokanso thumba. Mwamuna aliyense wamfupi akatulukira pakona mtima unkati ndi iwo, koma ayi. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndatsika polakwika, mwina aiwala tsiku, mwina ali ndi mkazi wina kuno ndipo akundiona ali patali. Munthu ukakhala wekha mutu umabala zambiri. Ndiye poti panalibe wolankhula naye, ndinayamba kucheza ndi khanda langa, kumuuza kuti ababa ako akubwera, usalire, taona mbalame zoyera izo.

Apa m'pamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga akufunsa, m'Chichewa chathu chenicheni, kuti kodi mwanawe, Chichewa chokoma chimenechi chikuchokera kuti pakati pa mchenga pano. Ndinatembenuka n'kuona mayi wonenepa bwino, wa msinkhu wa amayi anga, atavala kapulana, chitenje tinene, yoyera bwino ndi duku, kamtanda kali pakhosi. Musandiseke, ine misozi inangotuluka yokha. Zinali ngati munthu wandipatsa madzi.

Anakhala pansi pambali panga osaopa kudetsa kapulana yawo, n'kundifunsa kwathu. Nditati ku Tsangano anawomba m'manja, ati Mulungu ndi wamkulu, iwonso kwawo n'komweko. Anafunsa kuti Tsangano yake mbali iti, ndinati ku Ntengo-Wambalame, iwo ati eee, pomwepo penipeni, mchombo wawo unakwiriridwa pomwepo. Anafunsa mfunda wanga, nditawauza anadziguguda pachifuwa, ati ndiye iwe ndiwe mwana wa mlongo wanga, ine ndine azakhali ako, dzuka undipatse moni wabwino. Ndinawauza kuti makolo anga nthawi ya nkhondo anathawira ku Ntcheu, iwo ati nawonso anali komweko, mwina ankatunga pachitsime chimodzi ndi amayi anga. Kenaka anayamba kundiseka za juzi, ati ndavala ngati ndikupita kukakumba mbatata m'mawa wa mwezi wa chisanu, ndivule ndisanapse ngati chimanga chowotcha. Za amuna anga anati amuna onse ndi amodzi, amaitana mkazi ngati akuitana nkhuku kenaka n'kuiwala kumwaza chimanga. Ine ndinaseka, kuseka koyamba chichokereni kwathu. Anafunsa kuti mkamwini wawoyo ndi wooneka bwanji, ndinati wamfupi wa mpata kumano, amathirira maluwa kwa azungu, iwo ati aaa, yemwe uja, amamuona tsiku ndi tsiku, ndipo si patali.

Ndiye anati si bwino mkazi kukhala yekha pamalo ngati amenewa, pali akuba ambiri, tiye ndikakusiye pakhomo pa ntchito ya mwamuna wako. Ndinakumbuka mawu a amuna anga oti ndisasunthe, ndinawauzanso, koma iwo anati kodi mwamuna wako akadzamva kuti azakhali ako anakupeza padzuwa n'kukusiya, adzanditenga ngati munthu? Inu mukanayankha chiyani?

Tsono mvetsetsani apa, chifukwa ena akamva nkhaniyi amafulumira kunena kuti ndinapusa. Nditasenza thumba, mwana ali kumbuyo, mayi aja anati iwo sangayende chimanjamanja mwana wawo atalemedwa ngati bulu, anthu angawaseke, ndiye andilandire. Anagwira thumba ngati akufuna kulisenza. Ine ndinakana msangamsanga, ndinati ayi azakhali, limeneli ndi lolemera. Kodi kwathu kuno alipo mtsikana woleredwa bwino amene angasenzetse munthu wamkulu thumba la mbatata iye n'kumayenda wopepuka? Komanso alipo amene angakane kulandiridwa ndi wamkulu, ngati akumuyesa mfiti? Akatundu anali awiri, wolemera ndi wopepuka, ndipo wopepukayo anali mwana wanga. Iwo anangoti, ndiye bwera nayeni mdzukulu wangayo. Ndinatula thumba, ndinamasula mwana ndi manja angawa, ndinamuika pamsana pawo ali m'tulo, ndipo mfundo ya nsalu ndinawathandiza kumanga ine ndemwe kuti ilimbe.

Tinayamba bwinobwino, iwo patsogolo ine pambuyo, tikucheza. Tinachoka pamsewu waukulu n'kulowa m'tinjira ta mchenga pakati pa mipanda ya bango. Amene simunayendepo pamchenga mutasenza katundu simungadziwe, phazi limalowa, ukati uponde limabwerera m'mbuyo. Ndinayamba kutsalira. Ndinati azakhali tadikirani pang'ono, iwo osatembenuka anangoti fulumira mwanawe, tafika kale. Kenaka ndinaona atulutsa telefoni akulankhula, osati m'Chichewa, ndipo mawu awo sanali aja ondiseka za juzi, anali afupiafupi ngati munthu akulamula. Atatha anakoka nsalu n'kumufunditsa mwana kumutu, kutentha konse kuja.

China chinandilasa mumtima. Amuna anga ankakonda kundiuza pa telefoni kuti kuntchito kwawo madzi amafika mpaka pampanda, moti nthawi zina ankandimvetsera mkokomo wake. Koma ife mphepo ya kunyanja inali ikutiwomba kumsana, ndipo nyumba zokongola zija zinali zitatha, tikulowa kumtunda. Ndinafunsa kuti kodi azakhali, kwathu kuja inu kwanu ndi mudzi uti, mwa ayani. Anangopitiriza kuyenda. Ndinafunsanso mokweza. Anangowonjeza liwiro, ndipo mayi wonenepa uja ankayenda ngati mtsikana.

Mudziwa chimene chimandipweteka mpaka lero? Thumba lija sindinalitaye msanga. Ndinkathamanga nalo lili pamutu, khosi likuchita kulira, chifukwa mumtima ndinkati mbatata za apongozi, ndikafika wopanda kanthu ndikanena chiyani, komanso mwina ndikuwaganizira zoipa azakhali osalakwa. Mpaka pamene anakhota pakona, kamwendo ka mwana wanga kakulendewera, n'kusowa m'maso mwanga. Pamenepo ndiye ndinaliponya pansi, linaphulika, kachewere n'kumwazika pamchenga, ine liwiro.

Nditakhota ndinawaona akulunjika pamsewu wina pamene panaima chopela, tinjinga tamoto ta matayala atatu tonyamula anthu tija, injini ikulira, mwamuna atakhala kutsogolo akuyang'ana kwa ife. Chapafupi pansi pa mtengo panali amayi ogulitsa nsomba m'mabeseni. Ndinawapeza mayi aja atatsala pang'ono kukwera, ndinagwira nsalu imene anaberekera mwana n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse, ndikuti ndipatseni mwana wanga.

Anatembenuka. Nkhope inali yomweyo koma munthu anali wina. Chichewa chonse chija chinatha ngati sanachilankhulepo chibadwire. Anayamba kukuwa m'Chipwitikizi ndi m'chilankhulo cha kumeneko, akundiloza, ndipo mawu amene ndinatolapo ndi akuti maluka, wamisala, ndi akuti ndikufuna kuba mwana. Anthu anathamangira. Tsono taganizani, iwo mayi waulemu wake, kapulana yoyera, kamtanda pakhosi, mwana ali kumbuyo mwabwinobwino. Ine fumbi la ulendo thupi lonse, duku litagwa, juzi padzuwa, nsapato imodzi itatsala mumchenga. Mukanakhala inu mukanakhulupirira yani? Amuna awiri anandigwira manja n'kundikokera kumbuyo, wina anandiwomba khofi. Ndinayesa kufuna mawu a Chipwitikizi a ku shikola aja, onse anathawa, pakamwa panangotsala Chichewa chimene panalibe wochimva. Ndinkangoti ndi wanga, ndi wanga, anthu inu ndi wanga. Chikhalire sindinakhalepo ndekha ngati nthawi imeneyo, anthu atandizungulira, mwana wanga ali poteropo, mayi aja akuponda kale mwendo umodzi m'chopela.

Ndi phokoso lija mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Amayi anzanga mukudziwa chimene chimachitika khanda lako likalira, makamaka litakhala nthawi osayamwa. Mabere anangoti waa, mkaka n'kuyamba kutuluka wokha, kudutsa bulauzi, kudutsa juzi, mpaka madontho kugwera pamchenga. Ine sindinazindikire n'komwe. Anaona ndi mayi wina wokalamba mwa ogulitsa nsomba aja, wowonda, mamba a nsomba ali m'mikono monse. Anadzuka, mpeni wopalira nsomba uli m'manja, n'kukaima kutsogolo kwa chopela. Analankhula mawu ochepa okha mokalipa, akuloza pachifuwa panga, ndipo anthu onse anayang'ana. Amene anandigwira aja manja awo anayamba kufooka.

Kenaka wokalamba uja anapita kwa mayi aja n'kuwagwira bere lawo pamwamba pa malaya, popanda manyazi, akuwauza ndi manja kuti mwana akulira, muyamwitseni tione. Amayi ena a nsomba anaseka, wina anaponya mawu amene anaseketsa gulu lonse. Mayi aja anayamba kulankhula zambirimbiri, ndikuganiza ankati ndi agogo ake a mwanayo, koma amayi a nsomba anali atawazungulira kale, ndipo wokalamba uja anamasula mfundo ija, imene ndinamanga ine, n'kumutenga mwana ndi manja ake a mamba n'kundipatsa. Ndinakhala pansi pomwepo pamsewu, pamaso pa amuna onse aja, ine wamanyazi uja, n'kutulutsa bere. Mwana analigwira mwaukali akusisima, kenaka anakweza kadzanja kake n'kundigwira khutu, monga ankachitira nthawi zonse akamayamwa, ndipo anangoti zii. 

Pamene anthu ankati atembenuke, chopela chinali chitanyamuka, mayi aja ali momwemo. Anyamata ena anathamangira koma anabwerera.

Madzulo onse ndinakhala pakati pa amayi a nsomba aja. Sitinkamvana ngakhale liwu limodzi. Wina anandipatsa madzi, wina anandibweretsera nsapato yanga, ena awiri anapita kukatola kachewere yense pamchenga n'kubwera naye m'beseni lonunkha nsomba. Amene anandimenya khofi uja anabwera n'kuima patali atagwira chipewa, akulankhula motsitsa, ine sindinathe kumuyang'ana. Wokalamba uja anatenga telefoni yanga n'kukaiika pamoto m'kasitolo kena, ndipo itayaka amuna anga anaimba nthawi yomweyo, ati akhala akuzungulira pamsika ngati wamisala. Mwana wawo anayamba kumuona ali pamenepo, pansi pa mtengo, akununkha nsomba.

Tinakanena kupolisi, analemba, koma mayi aja sanapezeke. Amuna anga sanandikalipire. Patapita masiku anangondifunsa mofatsa kuti koma iwe, mwana unaperekeranji. Ndinawafunsa kuti kodi mukanakhala inu, azakhali anu akufuna kukulandirani, mukanawasenzetsa thumba? Anati ayi, nawonso akanapereka mwana. Ndinakhalako kanthawi ndithu koma sindinkatuluka m'kachipinda kawo, iwo akapita kuntchito ine ndinkatseka chitseko n'kukhala ndi mwana pamiyendo, ndikumva nyanja ikuwomba kunja. Nyanja imene azungu amaidzera kuchokera kutali, ine ndinaiona kamodzi kokha, patali, tsiku lobwerera.

M'chipinda muja ndi mmene ndinayamba kubwereza macheza athu aja limodzilimodzi, ndipo ndinapeza kuti mayi aja sanatchule kanthu kalikonse ine ndisanayambe ndatchula. Tsangano ndinanena ndine, mudzi ndine, mfunda ndine, Ntcheu ndine, mpata wa kumano kwa amuna anga ndine. Iwo ntchito yawo inali kufunsa ndi kuwomba m'manja. Ubale wonse uja ndinawapatsa ndekha, iwo n'kundibwezera. Chichewa anachiphunzira kuti, sindidziwa. Mwana ankafuna kukamutani, sindidziwanso, ena amati kukagulitsa, ena amati zamankhwala, ena amati mwina ndi munthu wosabereka. Ine sindifuna kudziwa.

Mwanayo lero ndi wamkulu, amapita ku shikola, ndipo khutu langa analisiya kalekale. Ndili ndi wina wakhanda tsopano. Ndikakwera chapa amayi akatambasula manja kuti bwera naye kuno tikulandire, ine ndimati zikomo, ali bwino pomwepa. Ndikudziwa amandinena kuti ndine wonyada, ena amati kunyanja kuja ndinatengako mwano, ndipo zimandiwawa chifukwa ndi anthu abwino, mwambowo ndi wabwino, unandilera inenso. Sindinathe kuwafotokozera pamaso, n'chifukwa chake ndalemba.

Chimene ndimakhulupirira tsopano ndi ichi. Mulungu anandipulumutsa kudzera mwa anthu amene sindinkamva chilankhulo chawo, pamene wolankhula chathu ndi amene anandinyamulira mwana. Ndiye inu atsikana amene mukupita nokha kumizinda ya kunyanja uko, musadane ndi anthu ayi, koma telefoni yanu ikhale ndi moto, ndipo pamene anakuuzani kuti mudikire dikirani pomwepo, ngakhale dzuwa likuotcheni. Mukasowa pokhala, kakhaleni pafupi ndi amayi amene ali pa malonda awo, amene mawa adzapezekanso pomwepo. Munthu akabwera ndi Chichewa chokoma n'kuti ndi wakwanu, musiyeni ayambe ndi iye kutchula mudzi wake, mtsinje umene amatunga, ndi mfunda wake, inu muli chete. Ndipo akati akulandireni, ngakhale akhale wa imvi, ngakhale avale mtanda, musenzetseni thumba. Akakana, lisiyeni pansi pomwepo. Kachewere tinakumbanso wina chaka chotsatira.